Utsi wa sitima ndi mwana wa kumbuyo

Mayi wina wa ku Nsanje wanditumizira imelo, akuti sitima ikadzayamba kuima pafupi ndi kwawo akufuna azikagulitsa mandasi pa siteshoni, ndiye akufunsa ngati utsi wake ungamupweteke mwana wa miyezi 8 amene amamubereka. Achemwali, funso lanuli landikumbutsa amayi anga.

Ine ndinakulira pa siteshoni ya Makhanga. Amayi ankagulitsa milamba yowamba ndi nyika zophika, tsiku la sitima yochokera ku Limbe tinkalawirira kukagwira malo pafupi ndi mutu wa sitima chifukwa ndi pomwe anthu ankadutsa ambiri, ndiye injini ija ingokhala ikulira chiimire, dzuwa la mu Okutobala likuswa mtengo, mphepo kulibe, utsi wa dizilo nkumangozungulira pomwepo. Madzulo ndikamina pankatuluka zakuda bii. Kansalu koyera kovundikira nsomba kaja kankabwerako kotuwa, amayi nkumati ndi fumbi chabe. Anatsokomola zaka zambiri, usiku chifuwa chikulira ngati kamwana ka mphaka, ndipo utsi wa nkhuni powamba nsomba unkangowonjezera.

Si fumbi chabe ayi. Mu utsi wa dizilo muli tinthu tomwe amati PM2.5, tochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi kambirimbiri, mphuno siitha kutisefa, timalowa mpaka mkatikati mwa mapapo. Mabuleki akamagwira, mateyala achitsulo akamakhulana ndi njanji, pamaulukanso tizitsulo. Mu 2012 nthambi yoona za khansa ya WHO, bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, inaika utsi wa dizilo mgulu la zinthu zoyambitsa khansa.

Musandimve molakwa, sitima ndimaifuna kwambiri. Chidukireni njanji ku Chiromo mu 1997 Bangula anazizira, ndipo sitima itafika ku Marka mu 2024 kuchokera ku Beira ndinasangalala zedi. Koma zimandiwawa kuti tikamakamba za njanji timangowerenga mafuta ndi feteleza, amayi amene azikhala tsiku lonse pambali pa injini palibe owatchula. Shedi ya ogulitsa izimangidwa kutali ndi poima mutu wa sitima, basi, imeneyo si nkhani yopempha.

Ndiye mutani achemwali

Gulitsani, koma khalani chakumbuyo kwa mabogi, mbali yomwe mphepo ikuchokera. Mwanayo msiyireni agogo ake nthawi yomwe sitima yaima, chitenje sichitchinga tinthu timeneti ndipo khanda silivala masiki. Mandasi muzivundikira. Akayamba kupuma mothamanga kapena chifuwa kulira, thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo.