Ndani angandimangire body kit pa Fielder yanga?

Funso: Akonzi, ndinaitanitsa body kit ya Toyota Fielder yanga ndipo yafika kudzera ku Dar es Salaam. Muli mabampala awiri, zomata za m'mbali ndi nyali ziwiri zolowa m'bampala yakutsogolo. Makaniko amene amandikonzera injini akuti angamange zonse tsiku limodzi, koma mtima wanga sukukhazikika, chifukwa chaka chatha mmisiri wina atandilumikizira wailesi, batire inkagona ndi moto n'kudzuka ilibe. Kodi ndipite kwa yani?
Wowerenga wa ku Area 25, Lilongwe

Yankho: Bambo, ntchito imeneyi ndi ya amisiri awiri, wowongola ndi kupenta magalimoto komanso wamagetsi a galimoto, choncho musafulumire kuipereka kwa katswiri wa injini ngakhale mumamukhulupirira. Ku Biwi, mu Lilongwe momwemo, amisiri onsewa amapezeka moyandikana, koma musanasankhe, pemphani kuona galimoto imene anamangapo kale, muyang'ane ngati mpata wa pakati pa bampala ndi nyali zazikulu uli wofanana mbali zonse.

Wowongolayo ayambe wayeza zigawo zonse pagalimoto asanazipake penti, makamaka ngati zili za fibreglass, chifukwa kawirikawiri sizikhala bwino popanda kuzipala ndi kuboola mabowo ena. Musalole kuti achotse chitsulo chimene chili kuseri kwa bampala pofuna kuti yatsopanoyo ilowe, pakuti n'chimene chimalandira mphamvu pangozi, ndiponso aonetsetse kuti mpweya ukufikabe pa radiator.

Koma nkhawa yanga yaikulu ili pa mawaya. Ngati nyali zanuzo zili za mababu a mawati 55, iliyonse imakoka pafupifupi ma amp 4.6 pa batire ya mavolti 12, kutanthauza kuti ziwirizo zimapitirira pang'ono ma amp 9. Mphamvu yotere iyenera kudutsa pa relay (kaswichi kamene kamatsegula ndi kutseka njira ya moto wambiri) ndi fyuzi yakeyake yoikidwa pafupi ndi batire, ndipo swichi yake izilandira moto pokhapokha kiyi atatembenuzidwa, kuti zimene zinakuonekerani ndi wailesi zija zisabwerezeke. Mukaona mmisiri akusenda waya ndi mano, n'kuupotokola pa unzake, n'kukulunga tepi yakuda, tengani kiyi wanu muzipita, chifukwa tepiyo imamatuka ndi kutentha kwa injini, madzi a dzinja n'kulowa, ndipo moto wa galimoto umayambira pamalo otere. Wodziwa ntchito amawotcherera mawaya kapena kuwapana ndi timapini take, kenako amawaveka kachubu kamene kamafota kakatenthedwa.

Musaiwalenso kuti zomata zimenezi zimatsitsa thupi la galimoto, pomwe misewu yathu ya m'makwalala ili ndi mahampu ndi maenje, choncho mmisiriyo ayeze mpata wotsala pansi musanamulipire. Ntchito ikatha, dziwitsani a inshuwaransi kuti galimoto yasinthidwa, ndipo mabampala akale muwasunge kufikira mutapeza COF yotsatira, chiphaso chija chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu.