Mchenga Umasanduka Bwanji Phala pa Chivomezi?

Funso: Ndinamva kuti chivomezi cha ku Niigata, Japan, mu 1964 chinapendeketsa nyumba zosanja osazigumula, poti mchenga wa pansi pake unasanduka ngati phala. Kodi akatswiri amauyesa bwanji mchenga kuti adziwe za ngozi yotere?

Yankho: Mu labotale amaika mchenga wokhuta madzi m'kathumba ka mphira, n'kuupanikiza monga umapanikizikira pansi pa nthaka, kenaka makina amaukankhira uku ndi uku mobwerezabwereza, madziwo osaloledwa kutuluka. Mchenga wosatsendereka umafuna kutsendereka, koma poti madzi atsekeredwa, mphamvu yawo imakwera mpaka timiyala tileka kugwirana, mchenga n'kuyenda ngati phala. Chofunika kwambiri n'kuwerenga maulendo amene makina akankha zimenezi zisanachitike. H. Bolton Seed ndi Kenneth Lee, akatswiri a pa yunivesite ya ku Berkeley, ku America, anafalitsa zotsatira za kuyesa kotere mu 1966, ndipo mchenga wotsenderedwa bwino unapirira maulendo ambiri.