Kodi ngaka ndi nungu ndi pachibale?

Bambo wina wa ku Mchinji wanditumizira imelo yofunsa ngati ngaka ndi nungu zili pachibale, popeza zonse zimayenda usiku ndipo matupi awo ndi otetezeka, komanso chifukwa chake anthu amamangidwa kawirikawiri pa nkhani ya ngaka pamene za nungu sizimveka kwenikweni.

Bambo, nyama ziwirizi si pachibale ayi. Nungu ili m'gulu limodzi ndi mbewa, makoswe ndi agologolo, nyama zokhala ndi mano akutsogolo omwe amakula moyo wonse, ndipo n'chifukwa chake imakukuta makungwa, mizu, chinangwa ngakhalenso mafupa ouma. Ngaka ilibe dzino ngakhale limodzi. Ili m'gulu lakelake lotchedwa Pholidota, ndipo chodabwitsa n'chakuti abale ake apafupi ndi nyama zolusa monga mikango, afisi ndi agalu. Chomwe chimazifananitsa n'chakuti mamba a ngaka ndi minga ya nungu zonse n'zopangidwa ndi keratin, chomwenso chimapanga zikhadabo zathu.

Nungu sisankha malo: imakhala m'mapanga, m'mauna ndi m'mphepete mwa minda, ndipo alimi ambiri amaidziwa chifukwa cha mbatata zomwe imafukula. Ngaka imadya nyerere ndi chiswe basi, choncho imafuna tchire lokhala ndi zulu zambiri, ndipo nthawi zambiri imabereka mwana mmodzi yekha pa chaka, pamene nungu imatha kubereka mpaka atatu.

Kusiyana kwakukulu, mmene ndikuonera, kuli pa kudziteteza. Nungu ikaopsezedwa imaimika minga n'kuthamangira mdani chafutambuyo, moti ngakhale mkango umatha kuvulala (zoti imaponya minga ngati mivi si zoona). Ngaka imangodzipinda ngati mpira, njira yomwe imagonjetsa fisi koma imathandiza munthu, chifukwa iye amangoinyamula n'kuiponya m'thumba, mamba ake n'kukagulitsidwa ku Asia kumene amawayesa mankhwala.

Bungwe la IUCN, loona za kuteteza zachilengedwe padziko lonse, limaika nungu ya kuno m'gulu la nyama zosadetsa nkhawa, koma ngaka ya kuno, yomwe asayansi amaitcha Smutsia temminckii, ili m'gulu la zomwe zili pachiopsezo. Mu 2016, pamsonkhano wa CITES (pangano la maiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire) ku Johannesburg, maiko anagwirizana zoletsa malonda a ngaka pakati pawo, ndipo lamulo la Malawi lokhudza nyama zakutchire, lomwe linakonzedwanso mu 2017, limalola khoti kupereka chilango chofika zaka 30 m'ndende pa milandu yokhudza nyama zotetezedwa kwambiri monga ngaka.