Kwa achemwali amene akufuna kukagwira ntchito ku paki ya ku Florida

Achemwali, nditangoona funso lanu loti mupite kapena ayi ku internship (kuphunzira ntchito uku ukugwira) ya ku paki yazosangalatsa ya ku America ija mtima wanga wagunda kwambiri, moti ndasiya zimene ndimachita kuti ndikuyankheni pompano. Ine ndinapitako mu 2023, ku Orlando, pa viza ya J-1, ya obwera kwa kanthawi kudzaphunzira kapena kudzaphunzira ntchito, yomwe akukuuzani inuyo. Dzina la paki sinditchula, ndipo chonde musandifunse ku inbox.

Za ndalama zoyambira ena akuuzani kale: $220 ya SEVIS (kaundula wa boma la America wa obwera kudzaphunzira), ya viza imene ife tinalipira $160 koma pano ili $185, tikiti ya ndege, ndi kudikira fomu ya DS-2019 yofunsira vizayo kuchokera kwa sponsor, bungwe loyang'anira pulogalamu yanu. Chimene palibe anandiuza n'chakuti lendi amadula pa malipiro sabata iliyonse ndalamayo musanaigwire n'komwe. Mugwire maola ambiri, mugwire ochepa, lendi ndi yomweyo. M'nyumba tinalimo atsikana asanu ndi mmodzi ochokera m'mayiko osiyanasiyana, awiriawiri kuchipinda, fuliji imodzi. Zimenezo ndinapirira. Chimene chimandiwawabe mpaka lero ndi tsiku lina mu July.

Ankandiika pa ngolo yogulitsa ayisikilimu ndi madzi, panja, pa konkire, kaambulera kamodzi kokha pamwamba. Amene sanakhaleko ku Florida mu July sangamvetse. Kutentha kumafika madigiri 33 kapena 34, koma chopha munthu ndi chinyezi, thukuta siliuma, malaya amakakamira pamsana kuyambira m'mawa. Tsiku limenelo ndinadzuka mutu ukuwawa, m'kamwa mowuma. Ndinaganiza zoimba foni kuti sindibwera, koma ndinali kale ndi mapointi. Kumeneko ukachedwa amakulembera pointi, ukajomba amakulembera, zikachuluka amakuitana ku ofesi. Awiri mwa mapointi angawo ndinapatsidwa chifukwa basi ya antchito inatsekeredwa pa msewu wa I-4, osati kuti ndinagonereza ayi. Ndiye ndinavala yunifolomu, nsapato zakuda zotseka, n'kupita.

Cha m'ma 1 koloko masana botolo langa la madzi linali litatha. Madzi ozizira ali mbwee mu ngolo patsogolo panga, koma ndi ogulitsa, sungatsegule. Ndinaitana amanejala pa wailesi ija timalankhulirana, ndinawauza kuti ndikumva chizungulire, anditumizire munthu mphindi khumi zokha. Anayankha kuti ndidikire, anthu achepa lero. Patapita theka la ola ndinaitananso. Yankho lomwelo, n'kuwonjezera kuti mzere wanga watalika, ndifulumire. Kukhala pansi sikuloledwa, kutsamira ngolo sikuloledwa, ndipo nkhope iyenera kumwetulira nthawi zonse chifukwa anthu alipira ndalama zambiri kuti asangalale.

Ndimakumbukira kamtsikana kena kovala chipewa chapinki, kanandipatsa $10. Ndinayang'ana ndalamayo n'kulephera kuwerengera chenji, chinthu chimene ndinkachita kambirimbiri pa tsiku. Manja akunjenjemera, tindalama tasiliva tikugwera pansi, m'makutu muli mbuu ngati ndamira m'madzi. Thukuta linali litasiya kutuluka, ine osadziwa kuti chimenecho ndi chizindikiro choopsa. Kenako mdima. Ndinatsitsimuka ndili chagada pa konkire yotentha, chibwano chitang'ambika pomwe ndinamenyetsa pakona pa ngolo, magazi pa kolala. Mayi wina mlendo, amene anabwera kudzasangalala ndi ana ake, ndi amene anagwada n'kumandikupiza ndi mapu a paki, akundithira madzi ake pakhosi. Mayi ameneyo Mulungu amudalitse kulikonse kumene ali.

Amanejala aja atafika, mawu oyamba kutuluka m'kamwa mwawo anali ofunsa kuti kabokosi ka ndalama ndakhoma kapena ayi. Ine ndili pansi, magazi akuchucha! Munthu wamkulu, woti ali ndi ana msinkhu wanga. Mpaka pano ndikakumbukira nkhope yawo ndimapsa mtima. Ambulansi inanditenga, anandiika madiripi awiri, n'kundisoka chibwano. Ndinabwerera kunyumba usiku pa Uber yolipira ndekha.

Nkhanza zenizeni zinabwera pa mapepala. Iwo analemba kuti ndinabwera kuntchito ndikudwala kale, choncho ndi matenda anga, osati ngozi ya pantchito. Zoti ndinaitana kawiri pa wailesi sanalembe. Ine ndinasaina, chifukwa mutu unali usanakhazikike ndiponso ndinkaopa. Ku Florida munthu akavulala pantchito pali workers' compensation, imene imalipira chipatala, ndipo uyenera kuwadziwitsa abwana pasanathe masiku 30. Zimenezi ndinazimva mu September kwa mnzanga wa ku Brazil, nthawi itapita kale. Bilu yonse inapita ku inshuwalansi yanga. Lamulo la J-1 limati inshuwalansi ikhale yofika $100,000 pa ngozi kapena matenda, koma limalolanso kuti gawo loyamba, mpaka $500, ulipire wekha. Ndinalipira. Sabata imeneyo ndinagwira masiku awiri okha, lendi anadula yonse, mu akaunti munalowa $41. Ndinakhala pansi m'bafa n'kulira motsitsa mawu kuti anzanga asamve. Makolo sindinawauze, ndinkangowatumizira zithunzi ndikuseka.

Mudzafunsa kuti bwanji sindinakadandaule. Achemwali, viza yako imakhala m'manja mwa anthu omwewo. Ukamaliza pulogalamu bwinobwino amakupatsa masiku 30 oti ukonzeke kapena uyende uone dziko. Koma akakuchotsa, sponsor n'kutseka dzina lako mu SEVIS, masiku amenewo palibe, uyenera kunyamuka nthawi yomweyo, ndipo nyumba ukutulukamo chifukwa ndi yawo. Amanejala ngati aja amadziwa bwino kuti mwana wobwera sangayankhe. Amene ali nzika akatopa amangosiya n'kukafuna ntchito kwina, ife tinalibe kwina.

Komabe ine ndikuti pitani. Inde, pitani ndithu, mwayi wotere subwera kawiri. Chingelezi changa chinasintha, ndinaphunzira kulankhula ndi munthu wokwiya osanjenjemera, ndipo anzanga a ku Brazil, Thailand ndi Peru timachezabe mpaka lero. Masiku opuma tinkalowa m'paki ulere, kukwera chilichonse mpaka usiku.

Mukafika, mapointi muwasamale ngati maso anu. Musajombe, musachedwe, kwerani basi yoyambirira ngakhale mukafike ola lathunthu nthawi isanakwane. Mutu ukangowawa pang'ono imwani mankhwala muzipita, chifukwa pointi imodzi imene mwawononga lero mudzaifuna tsiku lovuta. Koma mukamva chizungulire padzuwa, khalani pansi pomwepo, ngolo isiyeni, alankhule zimene alankhule. Gulani botolo lalikulu la madzi tsiku loyamba lomwe. Amanejala musalimbane nawo, ingovomerani. Chokhacho, musasaine pepala limene simunawerenge, ndipo chilichonse chikachitika lemberani sponsor imelo tsiku lomwelo, mutchule ola ndi amene analipo.

Pitani ndi ndalama yoti ikusungeni milungu itatu kapena inayi, malipiro oyamba amachedwa, nambala ya Social Security nayonso imatenga nthawi. Muziyang'ana pepala la malipiro sabata iliyonse: wa J-1 amene wangofika sayenera kudulidwa msonkho wa Social Security ndi Medicare, ndipo Florida ilibe msonkho wake wa pa malipiro, ulipo ndi wa boma lalikulu wokha. Chaka chikatha musaiwale mafomu a msonkho a 1040-NR ndi 8843, ngakhale mutabwerako kale. Ngati akupatsani mwayi wosankha ntchito, pemphani ya m'kati, m'sitolo kapena mu lesitilanti, makamaka ngati miyezi yanu ikudutsa mu June mpaka September. Ndipo musanasaine kontilakiti, afunseni akulembereni maola ochepetsetsa amene adzakupatsani pa sabata ndi lendi imene adzadule, muchotsere nokha muone chotsala.