Ndalama ya chipereganyu ikupita ku kamera: ndigule iti?

Funso: Alangizi, ndimakhala ku Rosettenville, ntchito ndimagwira ku Randburg. Mwezi wamawa ndi ine wolandira chipereganyu, ndiye ndikufuna kamera yojambulira ana anga ndi zochitika za kumpingo. Zikayenda bwino, ndizidzapezako kangachepe pa zinkhoswe za Amalawi anzathu kuno ku Joni. Ndaona Canon R50, Nikon Z30 ndi Sony ZV-E10, iliyonse ili ndi lenzi yake. Nditenge iti? Ndine bambo wa ana awiri.

Yankho: Achimwene, makamera atatuwa sasiyana kwenikweni pa kukongola kwa chithunzi. Onse ali ndi sensa (kachipangizo ka m'kati kolandira kuwala n'kupanga chithunzi) ya mtundu umodzi, wotchedwa APS-C. Canon ndi Sony ali ndi ma megapixel 24, Nikon pafupifupi 21, ndipo kusiyana kumeneku simungakuone pa WhatsApp kapena pa chithunzi chopachika pakhoma. Choncho musataye tulo ndi manambala amenewo.

Chimene mudzachimve m'manja ndi ichi: R50 ili ndi kawindo koikapo diso pojambula, pamene Z30 ndi ZV-E10 alibe, chifukwa anawapangira makamaka ojambula mavidiyo. Dzuwa la ku Johannesburg likaswa mtengo, ana akuthamanga ku Zoo Lake, sikirini yakumbuyo sioneka bwino. Poti inu cholinga chanu ndi zithunzi, ine ndikanatenga R50.

Koma nkhani yaikulu ili pa lenzi, ndipo apa ndi pamene ambiri amalirira ndalama zawo. Lenzi yobwera ndi Canon ndi 18-45mm, ya Nikon ndi ya Sony ndi 16-50mm. Ziwiri zomalizazi zimatenga malo aakulu, zomwe zimathandiza mukafuna kulowetsa kwaya yonse m'chithunzi muli m'chipinda chopanikizika. Masana panja, zonsezi zimagwira ntchito yabwino. Vuto limabwera m'holo madzulo. Mukakoka zumu mpaka kumapeto, ya Canon ndi ya Nikon zimafika pa f/6.3, ya Sony pa f/5.6. Nambala imeneyi ikamakula, kuwala kolowa kumachepa. Ndiye mkwatibwi akuvina, anthu akufupa, inu chithunzi chikutuluka chamdima kapena chosokonekera. Lenzi ya f/1.8, monga Canon RF 50mm yomwe ili m'gulu la zotsika mtengo, imalowetsa kuwala kochuluka pafupifupi ka 12 poyerekeza ndi f/6.3. Dziwani kuti 50mm pa kamera zimenezi imayandikitsa kwambiri. Ndi yabwino pa nkhope ndi anthu awiri atatu, osati gulu.

Kodi ndiye musiye lenzi yobwera ndi kamera? Ayi ndithu. Poigula pamodzi ndi bodi (kamera yeniyeniyo yopanda lenzi) imakhala yotchipa kuposa kuigula payokha, komanso ndi imene idzakuphunzitseni mtunda umene mumakonda kujambulira. Chimene ndikukupemphani n'chakuti ndalama yonse isathere pa bokosi limodzi. Siyaniko ya batire yachiwiri, memori khadi ndi chikwama, ndipo yambani kusungira lenzi yachiwiri. Ngati R50 ikumeza zonse, kuli bwino mutenge yogwiritsidwapo kale ntchito. Kumeneko Sony ili ndi mwayi, popeza makampani ngati Sigma ndi Tamron akhala akuipangira malenzi kwa zaka zambiri.

Pogula yakale samalani zinthu ziwiri. Canon M50 imaoneka yotchipa, koma kampaniyo inasiya kupanga makamera a mtundu wa M, ndipo malenzi ake salowa pa R50. Chachiwiri, lamulo la Consumer Protection Act la 2008 limakupatsani miyezi 6 yobweza katundu wowonongeka ngati mwagula kusitolo, koma silikutetezani mukagula kwa munthu wamba pa Facebook Marketplace. Mukasankha njira imeneyo, kumanani pamalo a anthu ambiri, jambulani zithunzi zoyesera, funsani risiti yoyambirira, ndipo musatumize dipoziti musanaigwire kamerayo.

Za ngongole musayerekeze n'komwe. Zinkhoswe sizichitika sabata iliyonse, koma chiwongoladzanja chimabwera mwezi ndi mwezi. Jambulani kumpingo kaye mpaka dzanja lizolowere. Anthu akayamba kukufunsani okha mtengo, lembani ndalama iliyonse m'kabuku, muchotse ya thiransipoti ndi ya data, yotsalayo ipite ku lenzi ya f/1.8 musanavomere ntchito ya m'holo.