Nayiloni ya 50 lb imeneyo musapite nayo ku Siavonga

Achimwene, mwati mukukawedza mcheni (tigerfish) ku Siavonga, pa nyanja ya Kariba. Zimene akugulitsanizo, nayiloni yowedzera ya 50 lb (mphamvu yake m'mapaundi) ndi mtovu wa magalamu 100 ati n'zokwanira trolling (kukoka nyambo kumbuyo kwa boti likuyenda) ndi jigging (kutsitsa nyambo yolemera pansi n'kumaivinitsa) yomwe, bwezani ngati angalole. Ogulitsa otere amandipsetsa mtima zedi. Munthu sanakwerepo boti, mano a mcheni sanawaonepo, koma amakuuzani mosaphethira kuti "ichi chimagwira paliponse", pomwe cholinga chake n'kuchotsa katundu amene wakhalitsa. Nayiloni ikagona pawindo padzuwa miyezi yambiri imauma, imatuwa, mphamvu n'kutha, koma nambala ya papepala imakhala yomweyo. Ena amachita kukupimirani pa mpukutu waukulu wopanda dzina. Musanalipire, mangani mfundo imodzi, inyowetseni ndi malovu, kokani mwadzidzidzi. Ikaduka mosavuta, kapena mukaikanda ndi chikhadabo n'kutuluka ufa woyera, isiyeni pomwepo.

Chimene chimachitika ndi chingwe chokhuthala chotero n'chowawa. Mwayenda makilomita pafupifupi 200 kuchoka ku Lusaka, mwalipira boti, mwathira petulo, mwadzuka kusanache. Mukutsitsa jigi, nyambo yolemera ija, pa mamita 20, kamphepo kakukankha boti pang'onopang'ono. Chingwe chonenepa chimagwira madzi, chimapinda ngati uta, jigi ili kutali kumbuyo osati pansi panu, ndipo simukumva ngakhale ikagunda pansi. Kenako mcheni ukumenya. M'manja mumangomva kulemera pang'ono, mochedwa. Mukukoka ndodo ndi mphamvu zonse, koma nayiloni imatamuka, ina mpaka gawo limodzi mwa magawo anayi a utali wake, ndiye pa mamita 20 mphamvu yanu yonse yathera m'chingwe. Kamwa ya mcheni ndi fupa lokhalokha, mbedza yangokanda osalowa. Nsomba ikuthamangira pamwamba, ikudumpha, mukuiona yonse, mizere yakuda m'mbali, mchira wofiira, ikupukusa mutu kawiri, jigi n'kuuluka. Chingwe lende. Mukutsitsanso manja akunjenjemera, ndipo poti pansi simukupamva, jigi ikukakola mumtengo. Kariba inayamba kudzaza kumapeto kwa 1958 ndipo mitengo yambiri, makamaka ya tsanya, inamira ili chiimire, mpaka lero idakali yolimba pansi pamenepo. Kuti mudule nayiloni ya 50 lb ndi manja, zala zimachekeka. Wogulitsa uja nthawi imeneyo ali phee m'sitolo, akunamiza wina.

Pa jigging ikani braid, chingwe cholukidwa ndi timaulusi tambiri, cha 20 kapena 30 lb. Braid ya 30 lb ndi yopyapyala pafupifupi ngati nayiloni ya 8 lb, imadula madzi, ndipo sitamuka kwenikweni, moti kansomba kakangokhudza mumamva. Mukapeza ija yosintha mtundu pa mamita 10 alionse tengani, muzidziwa kuya kumene nsomba zikumenyera n'kubwerera pomwepo. Musaimange mwachindunji pa reel (chokulungira chingwe), imaterera yonse ngati mphete ndipo mudzaganiza kuti drag, buleki ya reel, yafa. Yambani ndi nayiloni mamita 15 kapena 20 pansi, lumikizani, kenako braid mamita 150, mukukulunga chingwe chili chokungika. Mukakulunga cholefuka chimadzilowa chokha nsomba ikakoka, n'kuduka pomwepo.

Kumapeto kwa braid mangani fluorocarbon (chingwe chofanana ndi nayiloni) kapena nayiloni ya 30 lb yotalika mita imodzi ndi theka, chifukwa braid ikakhuzika pamtengo kapena pamwala imaduka msanga. Mfundo yabwino apa ndi FG, koma ngati manja sanazolowere, double uni imagwira, bola kumbali ya braid muzungulize maulendo 8, kumbali ya nayiloni 5. Kenako waya, masentimita 25 mpaka 30, wa 30 kapena 40 lb, wakuda kapena wofiirira. Popanda waya mcheni umadula chingwe ngati lumo. Swivel, kachitsulo kozungulira kolumikizira waya ndi chingwe, ikhalenso yakuda, yonyezimira nsomba ina imailuma pamene mukulimbana ndi inzake. Waya ukapindika penapake sinthani, pamenepo mpamene udzathyoke. Drag ikhale pa gawo limodzi mwa magawo anayi a mphamvu ya chingwe: 30 lb ndi makilogalamu 13 ndi theka, ndiye mangani botolo la madzi la malita atatu, drag iziyamba kutulutsa chingwe mukamalinyamula.

Jigi payokha ndi mtovu kale, musawonjezerepo wina, mungaphe kavinidwe kake. Pa mamita 10 madzi ali bata, magalamu 20 mpaka 30 akwana. Pa mamita 20 mpaka 25, magalamu 40 mpaka 60. Mphepo ikadzuka kwezani mufike 80. Ngati papaketi alemba oz, 1 oz ndi magalamu 28. Koma choyang'ana chenicheni ndi chingwe: chikamalowa m'madzi chili chowongoka pansi, zili bwino. Chikapendekeka kwambiri, wonjezerani kulemera kapena ponyani jigi kumbali imene boti likulowera, kuti pofika pansi ikhale ili pansi panu. Yolemera kwambiri imagwa ngati mwala, pomwe nsomba zambiri zimamenya jigi ikamatsika ikugwedezeka ngati kapenta wovulala. Ndiye sankhani yopepuka koposa imene ikufikabe pansi.

Trolling ndi nkhani ina. Apa kutamuka kwa nayiloni n'kothandiza, chifukwa boti likuyenda, nsomba ikumenya mothamanga, ndipo chingwe chosatamuka chimang'amba kamwa kapena kuwongola mbedza. Nayiloni yatsopano ya 15 mpaka 20 lb ndi yokwanira, mamita 200 pa reel. Ya 50 lb ija imakweza nyambo pamwamba, Rapala (nyambo yooneka ngati kansomba) yoyenera kumira mamita 4 izingoyenda pa 2. Tulutsani chingwe mamita 30 mpaka 40 kumbuyo, liwiro likhale ngati la munthu woyenda mofulumira, makilomita 4 kapena 5 pa ola. Musanatulutse, yesani nyambo pambali pa boti muone ngati ikusambira bwino. Sipuni, nyambo yachitsulo yooneka ngati sipuni yodyera, ikamazungulira ngati chopukusira m'malo mogwedezeka, mwathamanga kwambiri, ndipo pakangopita mphindi khumi chingwe chonse chimakhala chitapotana. Chikapotana, chotsani zonse kumapeto, chikokeni chopanda kanthu kumbuyo kwa boti kwa mphindi zingapo, chimamasuka chokha.

Nyambo ya mlomo wautali imamira yokha, siifuna mtovu. Sipuni ndi spinner (nyambo yokhala ndi kachitsulo kozungulira) ndiye zimafuna. Musatenge mtovu wozungulira ngati mpira, umagubuduka n'kupota chingwe. Tengani wautali kapena wa keel (wa chipsepse kunsi), wokhala ndi swivel mbali zonse, magalamu 30 mpaka 60, ndipo ukhale mita imodzi ndi theka kapena awiri kutsogolo kwa nyambo. Mukauyandikiza nyambo imauma, mukautalikitsa kuposa ndodo yanu mudzavutika kufikitsa nsomba paboti. Pafupi ndi mitengo gwiritsani swivel ya maso atatu: diso lina chingwe chachikulu, lina nyambo, lachitatu kachingwe ka masentimita 40 ka 8 kapena 10 lb komangirapo mtovu. Ukakola, kachingweko kamaduka, mwataya mtovu wokha, nyambo ya ndalama zambiri yabwerera. Pokhota boti dziwani kuti chingwe chamkati chimamira kwambiri, mpamene anthu ambiri amakoletsa.

Mukadzatsikira ku Zambezi kumunsi kwa Chirundu, boti likuyenda ndi madzi, mtovu woboola pakati wa magalamu 10 mpaka 20 wotsetsereka pachingwe umakwana, ndi kamkanda pamwamba pa mfundo kuti usamaimenye. Ndipo chonde, amene amasungunula mtovu wa mabatire akale pambaula m'nyumba, lekani. Utsi wake ndi poizoni, makamaka kwa ana, ndipo kadontho kamodzi ka madzi kakagwera mu mtovu wosungunuka umathovokera kumaso. Bola nati yakale kapena pulagi ya galimoto pa kachingwe kofooka kaja. Osalumanso timitovu ting'onoting'ono ndi mano, pulayazi ilipo.

Ngati reel muli nayo imodzi yokha ndipo ndalama za braid palibe, musalephere ulendo. Gulani nayiloni yatsopano ya 20 lb, muzichita jigging posapitirira mamita 10 kapena 12 pomwe kutamuka sikuvuta kwambiri, mbedza muzinole mpaka izikola pachikhadabo, ndipo nsomba ikamenya kokani kawiri. Kwa munthu woyamba kumene mwina nayiloniyo ndiyonso yabwino, braid ikasokonekera pa reel mphepo ikuwomba mutha kutaya theka la tsiku mukumasula. Za waya nazonso, madzi akayera kwambiri nsomba n'kumangotsatira osamenya, fupikitsani ufike masentimita 10 kapena 15. Muluzapo jigi imodzi kapena ziwiri, ndiye nyamulani zosachepera zinayi za kulemera kulikonse.