Funsani Amalume: Chipande changa chang'ambika patangotha masiku atatu

*Amalume, ndine mnyamata wa Folomu 3, ndimakhala ku Chiputula. Pa holide yapitayi anasadza mtengo wa mango pakhomo pathu, ine n'kutola nthambi yonenepa ngati ntchafu kuti ndisemere amayi chipande. Ndinaswera panja tsiku lathunthu ndi chikwanje ndi mpeni, ndipo chinatuluka chokongola. Ndinachiika padenga la malata kuti chiume msanga. Tsiku lachitatu ndinapeza chang'ambika kuyambira kukamwa mpaka kuchigwiriro. Kodi vuto ndi mango kapena ndine?*

Mphwanga, mango alibe mlandu. Ndipo usataye chipandecho usanachione bwino. Chitembenuze, uyang'ane kumapeto kwa chigwiriro. Upeza kadontho kofiirira pakati, kozunguliridwa ndi mizere ngati anyezi wodula. Umenewo ndi mtima wa nthambi. Tsatira mng'aluwo ndi chala, uona kuti wayambira pomwepo.

Zimachitika motere. Mtengo wauwisi ndi wodzaza madzi, ndipo madziwo akamachoka thupi lake limafota. Koma silifota mofanana: mozungulira limafota pafupifupi kawiri kuposa mmene limafotera kuchokera pakati kupita kukhungwa. Ndiye mizere yakunja imakokana ngati lamba womanga kwambiri, pamene pakati sipakulola. China chake chiyenera kugonja, ndiye mng'alu uja. Iwe unasema nthambi yonse yathunthu, mtima uli momwemo, kenako n'kuiika pamalata otentha, kunja kuuma tsiku limodzi mkati mukadali chinyontho. Ngakhale mmisiri wa ku Chintheche amene wasema zaka 40, chikanamung'ambikira.

Ine anandiphunzitsa agogo anga aamuna, pansi pa mtengo wa msuku kuseri kwa nkhokwe. Sankakhudza kasemasema asanawaze chipika. Ankachiimika, n'kuika nkhwangwa pakati penipeni pa kadontho kaja, n'kumenya kumsana kwa nkhwangwayo ndi chipika china mpaka chitagawika pawiri, phwaa! Kenako ankapala mbali yophwatalalayo mpaka kamzere ka mtima katatheratu, n'kuchotsanso pang'ono m'mbali mwake. Apo ndiye ankajambula chipande ndi khala. Nthambi imodzi, zipande ziwiri. Ndiye ukapezanso nthambi ngati ija, amayi alandira chawo, china upatse azakhali.

Sema ukadali wauwisi, poti mpeni umalowa ngati mukusenda chinangwa. Ukauma mango amalimba, ndipo mpeni wotsetsereka pa mtengo wolimba ndi umene umavulaza. Koma tsiku loyamba usamalize. Chotsa zambiri, kumba mkati, usiye makulidwe ofanana paliponse, ngati chala chako chaching'ono. Pamene wasiya ponenepa pafupi ndi popyapyala ndi pomwe pamayamba mavuto. Ukatero chikulunge m'pepala la nyuzi kapena uchikwirire m'zipalapala zake zomwe m'katoni, uike pansi pa bedi kapena pakona pakhitchini kutali ndi mbaula. Sabata ziwiri kapena zitatu. Ukachikhudzitsa patsaya n'kumva kuzizira, madzi akadalimo. Ukachigogoda ndi chikhadabo n'kulira mopepuka, chauma, tenga mpeni wakuthwa umalize.

Kuno ku Mzuzu tili ndi mwayi umene anzathu a ku Nsanje alibe. Nkhungu ndi kamvula ka mu Juni ndi Julayi zimaumitsa mtengo pang'onopang'ono, momwe umafunira. Miyezi yoopsa ndi Seputembala ndi Okutobala. Koma nyengo yachinyontho usachitsekere m'jumbo, chichita nguwi, chida madontho.

Posalaza, agogo ankagwiritsa ntchito chibenthu cha botolo losweka, akupala motsatira mitsempha ya mtengo. Mpaka lero ndimachikonda kuposa sandipepala, chifukwa sandipepala amasiya tiubweya timene timadzuka chipande chikangonyowa. Ukagwiritsa sandipepala, nyowetsa, uumitse, upalenso. Vanishi ndi penti ayi, ichi n'cha m'mphika. Pakapo timafuta tophikira pang'ono, upukute totsala. Ukapeza phula la njuchi kwa alimi a uchi, lisungunule ndi timafutato, ndiye zabwino koposa.

Za kakhalidwe posema ndikuuze, poti chala changa chamanthu chakumanzere chili ndi chipsera cha 1987. Khala pa chipika, zigongono pamaondo, ntchito ili kutsogolo kwa maondo, osati pantchafu. Mkati mwa ntchafu mumadutsa mtsempha waukulu wa magazi, ndipo ukadulidwa munthu sachedwa. Dzanja logwira likhale kumbuyo kwa mpeni nthawi zonse. Komanso utomoni wa mango umayabwa anthu ena, ndiye ukasenda khungwa samba m'manja usanadzigwire kumaso.

*Amalume, bambo a kunyumba anabwera ndi chidutswa cha thabwa lobiriwirako kuchokera komwe akumanga nyumba ku Luwinga, n'kundisemera mthiko. Ndi wolimba bwino koma mtima wanga sukukhazikika. Ndiphikire? Mayi wa ku Area 1B.*

Mayi, musaphikire, ngakhale kamodzi. Kubiriwirako ndi mankhwala oteteza thabwa ku chiswe ndi kuola, ndipo ambiri mwa mankhwala amenewa mumakhala kopa, kromiyamu ndi poizoni wotchedwa arsenic. Amalowetsedwa ndi makina mpaka mkati, kutsuka kapena kuwiritsa sikuwachotsa. Musausonkhezerenso pamoto, chifukwa utsi ndi phulusa lake nazonso n'zoopsa. Chimodzimodzi zidutswa za mapolo a magetsi zonunkha phula lakuda. Auzeni bambo mwaulemu, poti anachita ndi mtima wabwino, kuti akadule nthambi yowongoka ya gwafa. Pa mthiko palibe woposa gwafa kwa ine: ndi wolimba, mitsempha yake ndi yothinana, sanunkhitsa nsima, ndipo sathyoka mukamavundula mphika wa pamaliro. Paini wa ku Chikangawa asiyireni a mipando, ali ndi utomoni ndipo amanyenyeka. Bulugamu amang'ambika msanga. Nkhadze ndi mwavi zisayandikire chakudya.

*Amalume, ndikufuna kusema bawo ya mlombwa yoti ndizigulitsa kwa alendo opita ku Nkhata Bay. Anzanga akuti ku Kaning'ina mitengo yabwino ikadalipo, bola kulowa m'mamawa. Mnyamata wa ku Mchengautuba.*

Anzakowo akukutsogolera kundende. Kaning'ina ndi nkhalango yotetezedwa ndi boma, monganso Lunyangwa, komwe kumachokera madzi amene timamwa mumzinda muno. Lamulo la nkhalango la 1997 limaletsa kudula mtengo m'malo otere popanda chilolezo, ndipo atalikonzanso mu 2020 zilango zinakula. Mlombwa ndi mbawa ili m'gulu la mitengo yotetezedwa. Ine zimandiwawa ndikaona chitsa cha mlombwa chikuchucha utomoni wofiira ngati magazi, poti mtengo umenewu umatenga zaka zambirimbiri kuti ufike pocheka thabwa, ndipo amene anaudula sadzaona wina wofika pamenepo.

Ngati ndi mlombwa basi, pita ku ofesi ya zankhalango ukafunse za chilolezo, kapena ugule zidutswa zotsala kwa akalipentala amene ali ndi mapepala. Zitseko zakale ndi mafelemu a nyumba zogumulidwa nazonso zimakhala za mlombwa wouma bwino, wosapindikanso. Koma poti ukungoyamba kumene, yamba ndi malaina. Ali ponseponse, ndi wofewa pokumba, safota kwambiri, kungoti amachedwa kuuma ndiye umupatse nthawi. Bawo ili ndi maenje 32, mizere 4 ya maenje 8, ndipo wogula amayang'ana ngati maenjewo ali ofanana komanso ngati zala zikutola nkhomo mosavuta. Dula kachitini ka tomato kakhale muyeso wako, ujambule onse 32 usanakumbe ngakhale limodzi. Ukamaliza yoyamba bwera nayo, tidzaseweretse Loweruka masana.